Mbuzi ikayamba kudwala musathamangire nayo kumsika

Mbuzi ikayamba kufooka, alimi ambiri nzeru imene imatifikira msanga ndi yoigulitsa kwa opha nyama isanafe, kuti tipezepo kangachepe. Chizolowezi chimenechi ndi njira imodzi imene matenda oopsa a PPR amayendera.

PPR ndi mliri wa mbuzi ndi nkhosa woyambitsidwa ndi kachilombo ka vairasi. Unadziwika koyamba ku Côte d'Ivoire m'chaka cha 1942, ndipo mu 2008 unatsimikizidwa kumpoto kwa Tanzania. Patangopita zaka zochepa unafika kumwera kwa dzikolo, m'chigawo cha Mtwara. Alimi a ku Karonga ndi Chitipa akudziwa okha kuti ziweto zimawoloka malire popanda wozifunsa chiphaso.

Mbuzi ikatenga kachilomboka pamapita masiku 4 mpaka 6 isanaonetse kudwala. Imayamba ndi kutentha thupi ndi kukana msipu. Kenaka m'maso ndi m'mphuno mumatuluka zamadzimadzi zimene pambuyo pake zimalimba ngati mafinya, mpaka zikope kumatirirana. Mukaitsekula kukamwa mupeza zilonda m'nkhama ndi palilime, ndipo mpweya wake umanunkha. Kutsekula m'mimba ndi chifuwa zimabwera pambuyo. M'khola limene matendawa sanalowemo, mbuzi 9 mwa 10 zikhoza kufa. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo ndipo amateteza kwa zaka zosachepera zitatu. Anthu sadwala matendawa.

Vuto ndi lakuti zizindikirozi zimafanana ndi za chibayo wamba kapena zilonda zina za pakamwa. Ngakhale mlangizi wa ziweto sangagamule ndi maso okha. Iye amatengako magazi ndi zotuluka m'maso ndi m'mphuno kuti zikapimidwe ku labotale, monga ija yaikulu ya ziweto ku Lilongwe.

Kulondera matendawa kuli pawiri. Nthawi zina alangizi amayendera midzi ndi misika n'kumatenga magazi a mbuzi zooneka zabwinobwino, chifukwa magazi amaulula ngati chiweto chinakumanapo ndi kachilomboka ngakhale chinachira. Akafika, musabise mbuzi kudimba poganiza kuti akuwerengera msonkho. Komabe mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambiri, choncho mlonda weniweni ndi amene amatsekula khola m'mawa, kawirikawiri mayi kapena mwana wobusa.

Mukaona mbuzi zingapo zikudwala nthawi imodzi, zipatuleni, lekani kupita nazo kumsipu kapena kuchitsime kumene ziweto za anzanu zimamwera, ndipo dziwitsani mlangizi ndi amfumu tsiku lomwelo. Nenani zoona ngati munagula mbuzi yatsopano ndi kumene munaigula, pakuti alangizi amalondola matenda potsata mapazi a chiwetocho. Mbuzi yogula kumene, kapena yolandira ngati mphatso, ikhale payokha masiku 21 isanasakanikirane ndi zinzake.

Kachilomboka ndi pachibale ndi ka mliri wa ng'ombe wa rinderpest, umene unalengezedwa kuti watheratu padziko lonse mu 2011. Mu 2015 mabungwe a FAO ndi OIE, limene tsopano likutchedwa WOAH, anakhazikitsa ku Abidjan ndondomeko yoti PPR nayo ithe pofika 2030. Dziko silingavomerezedwe kuti lilibe matendawa popanda umboni wochokera m'makola a alimi ndi m'misika ya ziweto.