Maboti awiri ofanana, musankhe liti?

Ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti. Anthu ofuna boti loyendera ndi banja pa nyanja ya Malawi amabwera kwa ine atapeza maboti awiri ofanana kutalika, mipando ndi mtengo womwe. Maso awo amakhala pa penti ndi pa liwiro. Ine ndimayamba ndawerama kuti ndione kunsi kwa boti, chifukwa kusiyana kwenikweni kuli kumeneko.

Boti lomwe kunsi kwake kuli kosongoka ngati chilembo cha V limang'amba mafunde, ndipo okwera sagwedezeka kwambiri. Koma limadya petulo wambiri ndipo limapendama mukaima. La kunsi kophwatalala limakhazikika bwino pamadzi abata, limafika mpaka pamchenga, koma mafunde akakula limamenyetseka moti ana amachita mantha. Tsono dzifunseni komwe muziyenda. Ngati ndi mu mtsinje wa Shire ku Mangochi kapena m'mbali mwa gombe ku Cape Maclear, lophwatalala likukwanirani. Ngati mukufuna kumachoka ku Senga Bay kulowa pakati, kumbukirani mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imakula m'miyezi yozizira. Nyanja yogona m'mawa imatha kukalipa masana. Kumeneko tengani la V.

Kenako tibwere ku injini. Ya two-stroke ndi yopepuka ndiponso yosavuta kukonza, koma imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, imafuka utsi ndipo imasokosa. Ya four-stroke imalemera ndipo ndi yodula, koma imasunga mafuta, ndipo agogo ndi zidzukulu amatha kucheza osakuwa. Injini ya mahosipawa 100 mukaitsegula yonse imamwa malita oposa 30 pa ola. Choncho injini yaikulu muiganizire pamodzi ndi thumba lanu. Funsaninso za masipeya. M'madoko athu asodzi ambiri amagwiritsa ntchito Yamaha, ndiye amakaniko oidziwa sasowa. Injini yachilendo ikhoza kukhala kumtunda miyezi, kudikira kachitsulo kamodzi kochokera kunja.

Ngati maboti onsewo ndi ogwirapo kale ntchito, musalipire musanachite zinthu zitatu. Makaniko ayeze kompulesheni: masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Injini ikalira, onani ngati kamadzi koziziritsa kakutuluka mwamphamvu kumbuyo. Kakafooka, mwina pampu ya madzi yatha. Pomaliza gwirani mwendo wa injini, muugwedeze. Khoma lakumbuyo kwa boti likamapindika, thabwa lomwe lili m'kati mwa fibreglass lavunda, ndipo kukonza kwake kukhoza kudya ndalama zoposa zomwe munapulumutsa.

Chimene ndimaumirira kwambiri ndi katundu. Boti lililonse lili ndi malire a kulemera komwe linganyamule. Werengani anthu onse, zakudya, mafuta ndi majekete opulumutsa moyo, aliyense lake, ana akhale ndi a msinkhu wawo. Ndipo kayeseni boti pamadzi muli ndi banja lonse, osati inu ndi wogulitsa basi. Boti lothamanga ndi anthu awiri likhoza kulephera kudzuka ndi anthu asanu ndi mmodzi.

Mukatero mudzaona kuti maboti aja sanali ofanana. Sankhani loyenera madzi omwe muziyendamo, lomwe injini yake ingakonzedwe pafupi ndi kwanu, ndiponso lonyamula banja lanu lonse popanda kulilemetsa.