Ndege yophunzirira imakhululuka, yaliwiro ilibe chisoni

Kuyambira kale ana a ku Tsangano ndi ku Macanga akhala akupanga magalimoto a waya ndi ndege za mapesi. Masiku ano kunabwera tindege touluka zenizeni, toyendera batire, timene munthu amatiwongolera ali pansi ndi rimoti m'manja. Mnyamata akadziwa kuulutsa yoyamba sachedwa kusirira ina yothamanga, ndipo apa m'pamene ndalama zimalowa m'madzi.

Ndege yophunzirira mapiko ake amakhala pamwamba pa thunthu, ndipo nsonga zake zimatukuka pang'ono. Ikapendekeka, woulutsa n'kusiya timitengo ta rimoti, iyo imadziwongola yokha. Imayendanso mofatsa, kotero munthu amakhala ndi mpata woganiza.

Yaliwiro si choncho. Mapiko ake nthawi zambiri amakhala m'munsi mwa thunthu, ndipo mmene mwaisiyira ndi mmene imakhalira. Mukaipendeketsa imapita chopendekeka mpaka kukalasa mphuno pansi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, awerengi. Ndege yoyenda makilomita 40 pa ola imatenga masekondi 9 kudutsa bwalo la mpira la mamita 100. Ya makilomita 100 pa ola imalidutsa masekondi 4 asanakwane. Ndiponso liwiro likawonjezeka kawiri, mphamvu yogundira pansi imawonjezeka kanayi. Ngozi imene pa ndege yophunzirira ikanatha ndi guluu ndi tepi, pa yaliwiro mumatola zidutswa m'thumba.

Povuta penipeni ndi potera. Phiko lililonse lili ndi liwiro limene likachepera pamenepo silinyamulanso ndege. Yaliwiro imafuna kufika pansi ikuthamangabe, ndipo amene wazolowera kuchepetsa kwambiri mphamvu potera amangoona phiko limodzi lagwa, ndege yatembenuzika.

Kwathu kuno kulinso vuto lina. Tsangano ndi Furancungo ndi malo okwera, ndipo kumapiri mpweya umapepuka. Pamtunda wa mamita 1,500 umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi kugombe ngati ku Beira. Choncho ndege imafuna bwalo lalitali ponyamuka ndi potera. Mizere ya kachewere si bwalo la ndege. Onjezani mwera wa mu Julayi ndi akamvuluvulu a m'chilimwe, muona kuti nthawi yabwino youlutsa ndi m'mamawa kukali bata.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wapsa? Dziyeseni pa ndege yakale yomweyo. Kodi mumatera pamalo amene mwasankha kakhumi kotsatizana osathyola kanthu? Ndege ikamabwera chokuyang'anani, kumanja kwake kuli kumanzere kwanu, kodi zala zimakhota zokha osayamba mwaganiza? Injini ikazima m'mwamba, mungathe kuibweza pabwalo? Mphepo ikamaomba cham'mbali mumatera bwino? Ngati pali funso limene mwayankha kuti ayi, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukakonzeka musalumphire yothamangitsitsa. Yambani ndi ya mapiko a m'munsi koma aakulu ndithu, yokhala ndi tizitseko takumapiko topendeketsera. Musanaiulutse iikeni pa zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo amene opanga analemba, kuti muone ngati yalingana. Yolemera kumphuno imauluka movutikira, koma yolemera kumchira imauluka kamodzi kokha. Chepetsani kayendedwe ka tizitseko pa rimoti, yesani ngati rimotiyo ikumveka muli chapatali, ndipo ulendo woyamba kwerani m'mwamba ndithu kuti mukalakwitsa mukhale ndi malo okonzera. Marimoti ambiri amatha kulumikizidwa awiri, kuti katswiri alande chiwongolero zinthu zikavuta. Safunsa anadya phula.

Tisaiwale anthu ena. Pulopela imacheka chala ngati lumo, ndipo ana amathamangira ndege ikamatera. Mabatire a LiPo akaboka kapena kutchajidwa mopyola muyezo amayaka moto. Ndege yotere itagwera padenga laudzu kapena pachigafa cha fodya ku Macanga, thukuta la chaka chonse lathera pomwepo, mlandu uli pakhomo. Batire lotupa musaligwiritsenso ntchito, ndipo potchaja musachokepo. Ulutsani kutali ndi nyumba, msika, mawaya a magetsi ndi malire a dziko. Pemphani chilolezo kwa amfumu kapena eni bwalo, ndipo za malamulo a mlengalenga funsani ku bungwe la IACM, limene limayang'anira za ndege m'Mozambique muno.

Ena amati zonsezi ndi zibwana. Koma taonani zimene zinachitika kwa anansi athu ku Malawi. M'chaka cha 2017 boma la dzikolo ndi bungwe la UNICEF anatsegula dera loyeserera madroni ku Kasungu. Chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi sukulu ya Virginia Tech ya ku America, anapanga ndege yopepuka yotchedwa EcoSoar, imene inauluka yokha makilomita 19 kuchokera kuchipatala cha Gogode kukafika pabwalo la ndege la Kasungu. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa madroni. Kuno kwathu, namondwe wa Idai atasakaza Beira mu Malichi 2019, madroni anathandiza kujambula madera amene anamira.

Ntchito zoterezi safuna wothamangitsa ndege, amafuna amene amaibweza yamoyo. Choncho amene mwagula yaliwiro, yakale ija musaigulitse msanga. Muziyamba ndi iyo m'mawa uliwonse kuti zala zikumbukire, chifukwa kuthamanga sikufika.