Olemba atanyanyala ntchito, oonera anatani?

Pa 2 May 2023, olemba mafilimu ndi masewero a pa TV ku America, a bungwe la Writers Guild of America, anayamba kunyanyala ntchito. Zinatenga masiku 148. Mapulogalamu a usiku a Jimmy Fallon ndi Stephen Colbert anaima nthawi yomweyo.

Nkhani inagona pa ndalama. Kale sewero likabwerezedwa pa kanema, wolemba ankalandiranso kangachepe. Koma pa Netflix, ngakhale lionedwe ndi anthu miyandamiyanda, malipiro ake sankakwera. Panalinso mantha oti AI iwalanda ntchito.

Amene amandichititsa chidwi ine ndi oonera. Ena anasiya kulipira Netflix pofuna kukhaulitsa makampani opanga mafilimu, chonsecho bungwelo silinawapemphe kutero. Kwa ine, amene anaganiza mozama ndi omwe anasonkha ndalama ku thumba la chithandizo la Entertainment Community Fund, poti sitalakayo inaumitsanso matumba a ojambula ndi madalaivala, anthu osatchuka n'komwe. Naye Drew Carey, wa pulogalamu ya The Price Is Right, ankalipirira olembawo chakudya m'malesitilanti awiri ku Los Angeles mpaka sitalaka inatha pa 27 September.