Mankhwala a BP amene amayambira ntchito mu ubongo

Mayi woyembekezera akapezeka ku sikelo kuti BP yake yafika 140/90 kapena kuposa apo, amodzi mwa mankhwala amene achipatala amakonda kumupatsa ndi methyldopa, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina loti Aldomet. Pakangopita masiku ochepa, ena amayamba kudandaula kuti akusinza masana, thupi lalefuka, kukamwa kwauma gwa. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo gwero lake lili mu ubongo.

M'tsinde la ubongo, chakunkhongo, muli maselo amene amatumiza lamulo kuti mitsempha ya magazi ifinyike. Maselo a mu ubongo amalankhulana kudzera m'makemikolo, ndipo imodzi mwa iwo ndi noradrenaline. Methyldopa amafanana kwambiri ndi DOPA, chinthu chimene maselowa amapangira noradrenaline. Choncho akalowa mu ubongo, maselo amawatenga ngati DOPA weniweni n'kupanga kemikolo ina yotchedwa alpha-methylnoradrenaline. Iyi imakakamira pa timalo ta pa selo totchedwa alpha-2, timene timagwira ntchito ngati mabuleki. Lamulo lija limachepa mphamvu, mitsempha imamasuka, BP imatsika.

Koma noradrenaline yemweyo ndi amene amathandiza munthu kukhala maso komanso wochangamuka. Mabuleki aja akachepetsa mphamvu yake, ndiye pochokera tulo tija, ngakhale kuti kwa ambiri timachepa thupi likazolowera. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ena amagwidwa ndi chisoni chosatha, osasangalalanso ndi kanthu. N'chifukwa chake bungwe la NICE ku Britain limalangiza kuti mayi asinthiridwe mankhwalawa pasanathe masiku awiri atachira.

Nanga achipatala amawadalirabe bwanji? Akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1960, ndipo kafukufuku wa ku Oxford amene zotsatira zake zidatuluka mu 1982 adatsatira ana a amayi omwe ankamwa methyldopa mpaka atakwanitsa zaka 7, osapeza kuti mankhwalawo adawasokoneza pa kakulidwe. Kwa mayi wapakati, umboni wotere ndi wofunika zedi, poti BP yolekereredwa imatha kubweretsa sitiroko kapena kupha mwana m'mimba.

Choncho amayi, musasiye mankhwalawa panokha chifukwa cha tulo. Kafotokozeni ku sikelo. Ndipo inu abambo ndi apongozi, mukaona mayi wangochira kumene akungokhala duu, akulira popanda chifukwa, musamunene kuti ndi ulesi. Mperekezeni kuchipatala, ndipo mutengenso mankhwala onse amene akumwa.