Chifukwa chiyani othawa nkhondo anawasamutsira ku Luwani?

Tikamva za anthu wamba ovutika ndi nkhondo timathamangira kuganiza za Ukraine kapena Sudan, chonsecho nkhani yotere ili pakhomo pathu pomwe. Msasa wa Luwani, m'boma la Neno, unasunga anthu a ku Mozambique pa nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992, nthawi imene dziko lathu linalandira othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Msasawu unatsekedwa mu 2007, koma unadzatsegulidwanso mu 2016.

Kuyambira pakati pa 2015, asilikali a boma la Mozambique ndi a Renamo anayambanso kulimbana m'chigawo cha Tete. Anthu akumidzi, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anawoloka malire wapansi akunena kuti nyumba ndi nkhokwe zawo zatenthedwa. Anafikira pamudzi wa Kapise ku Mwanza, ndipo pofika Malichi 2016 anali ataposa 10,000. Oyamba kuwathandiza sanali mabungwe ayi, anali eni mudzi, olankhula nawo chinenero chimodzi, ena achibale awo enieni. Kenako kunabwera UNHCR ndi madokotala a MSF. Komabe malo anachepa, zimbudzi ndi madzi sizinkakwanira, malungo nawo anali ponseponse m'dzinja limenelo.

Vuto lina linali lakuti Kapise ali pafupi kwambiri ndi malire. Pangano la mayiko a mu Africa la 1969 lokhudza othawa kwawo limalimbikitsa kuti azikhazikitsidwa patali ndi malire a dziko limene athawako. Msasa ukayandikana ndi nkhondo, onyamula mfuti amatha kulowamo kudzabisala, kudzasaka adani awo kapena kudzakopa anyamata. Zikatero chakudya ndi mankhwala zimayamba kuoneka ngati zikuthandiza mbali imodzi, ndipo opereka thandizo nawonso amakhala pangozi. N'chifukwa chake mu Epulo 2016 anthu anayamba kusamutsidwira ku Luwani, komwe kunali malo okwanira omangapo pogona ndiponso ana akanatha kubwerera m'kalasi.

Si onse anakondwa nazo. Mlimi amene wasiya chimanga m'munda tsidya lina safuna kupita kutali. Ali ku Kapise ankatha kuzemba kukaona mbewu zake n'kubwerako. Ena anakana kusamuka, ena anangobwerera kwawo nkhondo isanazizire. Ife sitingawaweruze msanga, pakuti chakudya cholandira pamzere chimatha, pomwe munda umadyetsa banja chaka chonse.

Tisaiwalenso kuti 2016 chinali chaka cha chilala, moti boma linalengeza kuti m'dziko muno mwagwa tsoka la njala mwezi womwewo wa Epulo. Anthu ozungulira Luwani ankaona magalimoto a chakudya akulowa mumsasa, nkhokwe zawo zili mbee. Ndiye chifukwa chake mjigo, chipatala kapena sukulu zikamabwera pamsasa, zimayenera kutumikira mlendo ndi mwini dera yemwe.