Za mgodi wa ku Kayelekera ndi madzi a m'nyanja yathu



Mwamva pa wailesi kuti mgodi wa ku Kayelekera unatsegulidwanso mu 2025. Ena akuti izo n'za ku Karonga, ife a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota sizitikhudza. Zimatikhudza ndithu, pakuti nyanja ndi imodzi.

Kayelekera ili kumapiri, makilomita oposa 50 kumadzulo kwa tauni ya Karonga, cha kumsewu wa ku Chitipa. Kumeneko amakumba miyala ya yureniyamu. Amaiphwanya, n'kuisungunula ndi asidi mpaka utatsala ufa, ndipo ufawo umapita kunja kukayendetsa makina opangira magetsi a nyukiliya. Kuno ku Malawi tilibe makina otero. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zoyamba mgodiwo unkayendera majenereta a dizilo, chifukwa mawaya a ESCOM anali asanafikeko.

Kampani ya ku Australia, Paladin, inatsegula mgodiwu mu 2009, boma lili ndi gawo la 15 pa 100 alionse. Anthu anapeza ntchito, amayi anagulitsa mpunga ndi nthochi. Koma mu 2011 ngozi inagwa pamalo opangira magetsi ku Fukushima, ku Japan, ndipo mtengo wa yureniyamu unatsika. Pofika 2014 kukumba kunaima, ambiri anachotsedwa ntchito. Taonani, chivomezi cha ku Japan chinazimitsa moto m'makhitchini a ku Karonga! Mu 2020 mgodiwo unagulidwa ndi kampani ina ya ku Australia komweko, Lotus Resources.

Tsopano za madzi, zomwe ndi amana imene Allah anatisungitsa. Zotsalira pokonza miyala ija zimasungidwa m'damu pamgodi pomwepo, ndipo poizoni wake satha msanga. Pafupi pamadutsa mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, ndipo Rukuru amathira m'nyanja kufupi ndi Karonga. M'mitsinje yotere ndimo mpasa zimakwera kukaswana nthawi ya mvula. Mu 2015 panali mkangano waukulu pamene madzi osefedwa a pamgodi ankatayidwa mumtsinje: kampani inkati ndi abwino, mabungwe a anthu ankakayika.

Ine sindikuti nsomba zaipa, ayi. Tisafalitse mabodza ogwetsa malonda a anzathu. Koma kufunsa n'koyenera. Boma lili ndi bungwe la MEPA loona zachilengedwe, ndi la AERA loona za mphamvu ya nyukiliya. Makomiti athu a kugombe apemphe kudzera kwa mafumu ndi alangizi a zansomba kuti zotsatira za kuyeza madzi a Sere ndi Rukuru zizilengezedwa poyera, makamaka miyezi ya Januwale mpaka Epulo pamene madamu amadzaza.