MAKINA OMWETERA UDZU AKAMALIRA LERO NDI KUKANA MAWA

Mvula ikayamba m'mwezi wa November kapena December udzu umakula msanga, ndipo nchito yomweta imaculuka pa masukulu, pa zipatala, pa mabwalo a mpira ndi pa maesiteti. Pa malo ena otere nchitoyi igwiridwa ndi makina amene munthu amakwerapo ndi kuwayendetsa monga thirakitala yaing'ono. Makinawa ali ndi injini ya petulo, monga ya Briggs & Stratton, ya Kohler kapena ya Kawasaki, ndipo amalizidwa ndi kiyi.

Bvuto limene lisautsa oyendetsa ambiri ndi ili. M'mawa makina alira bwino lomwe. Masana, atazimitsidwa kanthawi, akana. Woyendetsa athamanga kukaitana makaniko, koma makaniko akafika ndi kupotoza kiyi, makinawo alira ngati kuti panalibe kanthu. Pamenepo eni ake ayamba kuganiza kuti woyendetsayo ali kuthawa nchito. Ena amataya ndalama zambiri kugula sitata yatsopano, koma patapita masiku owerengeka bvuto lija labweranso. Izi zimacitika cifukwa kawiri kawiri colakwa sicikhala mu sitata ai.

M'MENE MAGETSI AYENDERA

Makinawa ali ndi batire ya mavoliti 12. Sitata ndi mota yaing'ono ya magetsi imene iri ndi kagiya. Kagiyako kamaluma mano a gudumu lalikulu la injini ndi kulizunguza kufikira injini italira. Pakati pa batire ndi sitata pali solenoidi, imene iri ngati cipata ca magetsi.

Magetsi ali ndi njira ziwiri. Njira yaing'ono ndi ya mawaya ang'ono: icokera ku batire, ipyola pa fyuzi, pa kiyi ndi pa maswichi oteteza ngozi, ndi kukafika ku solenoidi. Nchito yake ndi kungotsegula cipata cija. Njira yaikulu ndi ya mawaya onenepa: waya wofiira atenga mphamvu ku batire kupita nayo ku solenoidi ndi ku sitata, ndipo mphamvuyo ibwerera ku batire kudzera m'citsulo ca makina ndi waya wakuda.

Alimi othirira adziwa kuti ngalande ikatsekeka ndi matope pa malo amodzi okha, madzi safika kumunda ngakhale mtsinje uli wodzaza. Magetsi nawonso ali cimodzimodzi. Bawuti imodzi yokhwefuka, kapena dzimbiri pang'ono pa mutu wa batire, zikwanira kutseka njira. Popeza makina amanjenjemera poyenda, amatentha ndi kuzizira, ndiponso amanyowa, malo oipawo nthawi zina amagundana bwino ndipo nthawi zina sagundana. Nco cifukwa cake makina alira lero ndi kukana mawa.

KUYAMBA NDI KUMVETSERA

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Makina akakana, woyendetsa asafulumire kumasula zinthu. Ayambe wachera khutu pamene ali kupotoza kiyi, cifukwa phokoso limene amva limuuza kumene ayenera kufufuza.

Ngati sipamveka kanthu konse, bvuto liri m'njira yaing'ono. Ngati pamveka kaphokoso kakuti kha kamodzi, kapena kha kha kha mofulumira, koma injini osazungulira, ndiko kuti solenoidi yalandira uthenga ndipo bvuto liri mu batire kapena m'njira yaikulu. Ngati injini izungulira mwaulesi ndi kuima, batire yafooka kapena injini yalimba. Ngati sitata ingozungulira yokha mopepuka, kagiya kaja sikali kuluma mano a gudumu.

Nkwabwinonso kulemba m'kabuku tsiku liri lonse limene makina akana: ngati injini inali yotentha kapena yozizira, ngati kunagwa mvula, kapena ngati makina anali atangotsukidwa. Kabukuka kathandiza makaniko kwambiri, ndiponso kaonetsa eni makina kuti woyendetsa sali kunama.

BATIRE NDI MAWAYA AKE

Asanagwire kanthu, woyendetsa aimike makina pa malo osatsetsereka, amange buleki, azimitse mipeni, acotse kiyi ndi kuzula waya wa pulagi. Pomasula batire ayambe ndi waya wakuda, ndipo pobwezera waya wakudayo akhale wotsiriza. Akayamba ndi wofiira, sipanala ikhoza kukhudza citsulo ca makina ndi kuthetheka moto. Batire imatulutsa mpweya woyaka msanga, kotero fodya ndi macesi zikhale kutali. Madzi a m'batire amaocha khungu ndi kuononga maso.

Mitu ya batire ikamera zoyera kapena zobiriwira ngati nkhungu, itsukidwe ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, ipalidwe ndi sandipepala kufikira iwale, ndipo mawaya amangidwe zolimba. Pambuyo pake apakepo girisi pang'ono. Malo amene ambiri amaiwala ndi pamene waya wakuda wamangidwa ku citsulo ca makina kapena ku injini. Pamenepo pamakhala dzimbiri, utoto ndi udzu wobvunda. Nthawi zinanso waya amadyeka m'kati mwa cikopa cake, kunja akuoneka wabwino. Waya wotere amatupa pafupi ndi mutu wake, ndipo amatentha munthu akayesa kuliza injini.

Mita yoyezera magetsi ithandiza koposa kungoganiza. Batire yodzaza, itapuma, ionetsa mavoliti 12.6. Ikaonetsa 12.0 kapena kucepera apo, ifunika kuchaja. Munthu wina akamapotoza kiyi, mita isatsike kupyola 9.6, ikatsika, batire yatha mphamvu. Injini ikamalira mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ngati siikwera, makina sali kuchaja batire, ndipo batire yatsopano nayonso idzafooka posacedwa.

MASWICHI OTETEZA NGOZI

Opanga makinawa anaika maswichi amene aletsa sitata ngati buleki siinapondedwe kapena ngati mipeni siinazimitsidwe. Makina ena ali ndi swichi yotere pansi pa mpando, ndipo amene ayendetsedwa ndi ndodo ziwiri safuna kulira kufikira ndodozo zitakankhidwira kunja. Maswichiwa amakhala pa malo a pfumbi ndi cinyezi, ndipo ndiwo amabweretsa kawiri kawiri bvuto la makina ongokhala cete.

Njira yowayesera ndi yapafupi. Woyendetsa akhale pa mpando, agwire kiyi pa malo olizira, ndipo apondereze buleki kwambiri, kapena agwedeze pang'ono ndodo, kapena asunthe thupi lake pa mpando. Ngati sitata idzidzimuka pamene iye wagwedeza cinthu cimodzi, swichi ya cinthu cimeneco ndiyo yolakwa. Mapulagi a mawaya ake azulidwe, apukutidwe ndi kubwezedwa bwino. Fyuzi nayonso ionedwe, pamodzi ndi malo ake okhalamo, cifukwa timano togwira fyuzi timakhwefuka. Kumbuyo kwa kiyi kumalowanso madzi makina akamagona pamvula.

Pali cizolowezi coipa cimene ciyenera kuleka. Ena amalumikiza mawaya kuti swichi isagwirenso nchito, ndipo ena amagunditsa sikuludiraiva pa mabawuti awiri a solenoidi ali ciriri pambali pa makina. Potero acotsa citetezo conse. Makina akhoza kulira ali m'giya kapena mipeni iri yotsegula, ndipo anthu aduka zala ndi mapazi mwa njira imeneyi. Swichi yoonongeka igulidwe ina. Mtengo wake ndi wocepa pouyerekeza ndi phazi la munthu.

SOLENOIDI, SITATA NDI INJINI

Batire, mawaya ndi maswichi zikapezeka zabwino, tsono makaniko ayeze solenoidi pa nthawi imene makina ali kukana. Ngati magetsi afika pa kawaya kakang'ono ka solenoidi, ndipo kaphokoso kaja kamveka, koma satulukira pa bawuti yopita ku sitata, m'kati mwa solenoidi mwapsa. Solenoidi ndi yotsika mtengo koposa sitata.

Ngati magetsi afika ndithu pa sitata koma siizungulira, pamenepo ndi pamene sitata iyenera kukayikiridwa. M'kati mwake muli timakala timene timaperesedwa ndi nchito. Sitata yotere imadzuka munthu akaigogoda pang'ono ndi mtengo, ndipo imakonda kukana ikatentha. Isamenyedwe ndi hamala, cifukwa maginito a m'kati mwake amasweka. Nthawi zambiri makaniko akhoza kusintha timakalato osagula sitata yonse.

Pali bvuto linanso limene linyenga ambiri. Injinizi ziri ndi kacipangizo kotulutsako mpweya pang'ono pa nthawi yoliza kuti sitata isalemedwe. Mpata wa mavalavu ukakula, kacipangizoko sikagwira bwino nchito, ndipo injini imazungulira pang'ono ndi kuima pa malo amodzi ngati batire yatha. Makaniko ayenera kuyeza mpatawo injini iri yozizira, potsata buku la injiniyo. Ndiponso ngati oyilo ali kununkha petulo, kabyuleta iri kudontha, ndipo makina asalizidwe kufikira itakonzedwa ndi oyilo atasinthidwa.

KUSAMALA KWA MASIKU ONSE

Woyendetsa asagwire kiyi pa malo olizira kupitirira masekondi 10. Injini ikakana, adikire mphindi imodzi kuti sitata izizire. Makina azigona m'shedi, ndipo potsuka madzi asathiridwe pa kiyi, pa maswichi kapena pa sitata. Udzu wokanirira pa injini ucotsedwe poweruka. M'cirimwe, pamene makina akhala miyezi osagwira nchito, waya wakuda acotsedwe ndipo batire izichajidwa kamodzi pa mwezi.

Eni makina akumbutsidwa kuti asagule cinthu catsopano asanadziwe cimene calakwa. Kufufuza kuyambe ndi zinthu zosafuna ndalama, ndizo mitu ya batire, mabawuti, fyuzi ndi maswichi, ndipo sitata ikhale yotsiriza. Oyendetsa nawonso asacite manyazi kunena msanga makina akayamba kukana, cifukwa bvuto locepa la mu December likalekereredwa lidzaimitsa nchito mu February, udzu uli m'maondo.